Zipewa za pa Kamwendo

Dzuwa la mu Okutobala siligogoda.
Limalowa pa Kamwendo ngati wodzalonjerera ngongole,
ndipo limayambira kwa ine.
Anzanga limangowakama thukuta;
ine limandilemba pakhosi, m'makutu, pamilomo,
zilembo zofiira zimene zimasanduka zilonda
ndikangochedwa pamzere wa kumjigo.

N'chifukwa chake m'mawa, madzi a tiyi asanawire,
ndimafinyira mafuta pachala,
aja a m'botolo loyera a kuchipatala cha paboma:
pamphumi, pamphuno, kuseri kwa makutu,
kuseri kwa manja kumene ambiri amaiwala.
Masana kubwerezanso.
Anamwino a Zgambo anandiuza atandigwira phewa:
"Sekanawo, ngakhale kuchite mitambo, dzola.
Mtambo si denga."

Koma botolo silidziwa kuwerenga masiku a mwezi.
Ulendo wina ndinapeza shelefu ili mbee,
ndinabwerako ndi fumbi la minibasi basi.
Kufamase mtengo wake ndi thumba la mtedza.
Pamsika mnyamata wina anandikodola,
kabotolo kopanda dzina kali m'manja:
"Ndi omwewo, asisi."
Nditanunkhiza, munali gilisalini ndi bodza.

Usiku umenewo ndinasomola siketi ya malemu amayi,
chivundikiro cha ndowa n'kukhala muyeso,
mkati ndinayalamo chiguduli cha thumba la feteleza
kuti khonde lake lisagwe mphwayi.
Ndinaponda makina mpaka koloboyi anatha mafuta.
Kutacha ndinali ndi mthunzi woyenda nawo.

Anaseka.
"Taonani ambulera yamera miyendo!"
Woseka kwambiri anali Kaliza wakabaza,
uja amapalasa Kamwendo–Waliranji kasanu patsiku.
Sabata isanathe anabwera chamadzulo, akuyang'ana pansi,
khosi litasupuka ngati mbatata yootcha.
"Changa chikhale ndi chingwe," anatero,
"chingapite ndi mphepo pamtsetse."

Kenaka amayi okumba mtedza kwa Zulu,
ogulitsa tomato m'mbali mwa tala,
matenanti a fodya, kulipira kwake n'kwa pambuyo pa okushoni,
ndi abusa ena amene anafuna chakuda
choti chigwirizane ndi jekete.
Khungu lawo nalonso limapsa, kungoti silidandaula mokweza.
Aphunzitsi a ku Kapiri anaitanitsa ziwiri zazing'ono:
ali ndi ana awiri ofanana nane
amene kalasi yawo ndi mtengo wa mango wothothoka masamba.
Ziwirizo sindinalembe m'kope.

Pansi pa makina pali chitini cha mkaka.
Chipewa chilichonse chimaponyamo kangachepe,
kuti shelefu ya paboma ikadzayeranso
ndisadzapemphe, ndidzangogula.

Dzana kunabwera bambo wonona, makiyi akulira m'chala.
Akuti ndizimugulitsa mabotolo anga a kuchipatala,
ali ndi makasitomala m'tauni,
tigawana pakati.
Ndinachotsa phazi pamakina.
Ndinamuyang'ana mmene ndimayang'anira bowo la singano,
pafupi, maso akuvina.
"Bambo, alipo kale anthu amene anandiikira mtengo ndili moyo,
n'chifukwa chake chitseko changa chili ndi mipiringidzo iwiri.
Inu mukufuna muyambire pakhungu?
Chipewa ndi filii sauzande faifi.
China chogulitsa pano palibe."

Anapita osagula. Dazi lake likung'anima.

Tsopano ndi thweluvu koloko,
tala akununkha, agalu abisala pansi pa ngolo.
Ndili pakhonde la golosale ya a Mbalule,
malaya a manja aatali, mafuta ndabwereza kale.
Kutali sindiona bwino,
koma mawanga aja akuyenda mumsewu ndikuwadziwa:
la buluu ndi Kaliza,
la maluwa ndi mayi wa zitumbuwa,
nsalu yake inatsala pa diresi ya chinkhoswe.
Dzuwa likuwafunafuna nkhope, likupeza nsalu.

Ulusi woyera watsala pang'ono.
Mawa wopita ku Lilongwe ndimutume.